Kamvuluvulu Aona Selo

1. Chithunzi cha pakhoma

Mu labu ya phunziro la maselo pa yunivesite munali chithunzi chimodzi chokha chomatidwa pakhoma, pafupi ndi bolodi. Chinali chithunzi cha selo la munthu, chojambulidwa ndi pensulo, mizere yake yosalala mochititsa kaso. Amene anachimata ndi manja awo anali Madamu, mayi wachikulire amene ankaphunzitsa phunzirolo, ndipo Madamu sanali munthu woyamikira chisawawa. Mwini chithunzicho anali mtsikana wa chaka choyamba amene anzake ankamutcha Kamvuluvulu.

Dzinali sanamunamizire ayi. Kudya kwake kunali kothamanga, kuyankhula kothamanga, ngakhale kupereka moni ankapereka atadutsa kale. Akalowa m'chipinda anthu ankagwira mapepala awo kuti angauluke. Mayeso ankamaliza anzake akusongolabe mapensulo. Choipa chake n'chakuti ankakhoza, ndiye ukanamuuza chiyani munthu wotere?

Koma panali kanthu kamodzi kamene ankabisa. Chiyambireni semesita, Kamvuluvulu anali asanaonepo selo ndi diso lake. Akaika diso pa maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, ankangoona chifunga. Nthawi zina m'chifungamo munkadutsa timiyendo takuda ngati ta kangaude. Ankapotokola gudumu la makinawo uku ndi uku, koma ayi ndithu, chifunga chokhachokha.

Tsono poti dzanja linali laluso ndipo mutu unkasunga bwino zithunzi za m'buku, iye ankangoweramira papepala n'kujambula selo la m'buku lija. Akatero ankasuzumiranso m'makinamo, n'kugwedeza mutu, kuti anthu aziti akuonera.

Amene ankadziwa za chinsinsichi anali mmodzi yekha, mnyamata wokhala naye tebulo limodzi. Ameneyu ankamutcha Phee, chifukwa mawu ake anali osowa kwabasi. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji ankangokweza chala chachikulu.

2. Madamu achenjeza

Lachinayi lomaliza la semesita, Madamu analowa mu labu magalasi ali pamphuno. Sanakhale pansi.

"Mangani mabatani a magawuni anuwo, ndipo tcherani khutu poti sindibwereza," anatero. "M'mawa uno muyeserera komaliza. Masana kuli mayeso. Aliyense apale mkati mwa tsaya lake ndi kamtengo, apake pa kagalasi, adonthezepo utoto wabuluu, apeze selo yekha. Akalipeza alozetse kasingano ka m'makinamo pa phata lake, kadontho kakuda ka pakati paja, kenaka andiitane ndidzaone ndi diso langali. Amene ndione selo lake, semesita yamawa akalowa kalasi ya anatome, kukaphunzira ziwalo zonse za thupi la munthu. Amene alephere abwereza phunziro lino chaka chamawa, anzake atapita."

M'labumo munamveka kung'ung'udza. Madamu anadikira mpaka kutatha.

"Ndikuuzeni chifukwa chake, ana inu, kuti musamati mayiyu ndi wankhanza. Ine ndisanabwere kuno ndinkagwira ntchito m'chipatala. Kumeneko magazi a munthu amabwera pa kagalasi ngati komweka. Mwini magaziwo ali gone pabedi, thupi latentha, abale ake ali pakhomo manja ali m'masaya. Dokotala sapereka mankhwala mpaka iwe wa pamakina unene chimene waona. Tsono ukanena chimene sunaone, chimene unangoloweza, wamupha munthu uja uli chikhalire pampando wako.

"Buku ndi labwino, liwerengeni ndithu. Koma buku silinadwalepo. Selo la m'buku ndi laukhondo, lozungulira bwino, chilichonse chili pamalo pake. La munthu weniweni limabwera litapindika, lina litasanjikana pa linzake, lina litang'ambika. Mukazolowera la m'buku, lenilenilo mudzalidutsa osalizindikira.

"Ndipo imvani ichi. Munthu wonena kuti 'sindikuona' ndimatha kumuphunzitsa, ndiyo ntchito yanga, ndiponso ndimaikonda. Koma wonena kuti 'ndaona' asanaone, ameneyo ndimuthandize poyambira pati? Wadzitsekera yekha chitseko. Manyazi a lero ndi a lero lokha, ana anga. Mawa anthu adzakhala akuseka wina."

Kumbuyo kunali mnyamata wapakamwa amene ankamutcha Loya, chifukwa panalibe nkhani yotha iye asanaikepo mlomo. "Madamu," anafuula, "enatu safunika n'komwe mayeso. Chithunzi chawo chili kale pakhoma!"

Kalasi yonse inaomba m'manja, ena kuimba likhweru. Kamvuluvulu anamwetulira ndi mano okha.

3. Phee ayankhula

Ntchito inayamba. Anthu anayasamula n'kumapala m'masaya, ena akusekana, ena akupukuta utoto umene unali utawadetsa zala. Kamvuluvulu anakonza kagalasi kake msanga monga mwa masiku onse, nakaika pamakina. Anasuzumira. Chifunga. Anapotokola gudumu mpaka linafika pothera, nalibweza. Chifunga chomwe chija, ndi timiyendo ta kangaude tija.

Phee anamuyang'ana cham'mbali. Kenaka anayankhula mawu ambiri kuposa onse amene anayankhula semesita yonse.

"Masana usadandaule," ananong'ona. "Ndikapeza langa, Madamu akatembenukira uko, ndidzangotambasula dzanja n'kukupezera lako. Iwe udzangowaitana."

"Nanga akakugwira?"

"Tabwereza tonse."

"Iwe Phee, bwanji sunandiphunzitse kalekale?"

"Ndinayesa. Umandiyankha ndisanamalize."

Kamvuluvulu anadziwa kuti zinali zoona.

"Chabwino, masana undipezera," anatero motsitsa. "Nanga ku anatome udzandioneranso? Nanga kuchipatala, ndizidzakunyamula m'thumba la gawuni?"

Phee anangokweza mapewa.

Nthawi yomweyo Madamu anafika pa tebulo lawo. Anasuzumira m'makina a Phee, nagwedeza mutu movomera. Atafika pa Kamvuluvulu sanawerame n'komwe. Anangomusisita paphewa.

"Iwe ndiye sinditaya nawe nthawi," anatero akumwetulira. "Ndikathandize ovutika uko."

Anayamba kudutsa. Njira inali yotseguka: kungokhala chete, basi, masana Phee atambasule dzanja. Madamu anali atafika kale pa tebulo lotsatira pamene mpando wa Kamvuluvulu unalira kuti kwee. Mtsikanayo anali ataimirira.

4. Timiyendo ta kangaude

"Madamu."

"Ee, mwana wanga?"

"Ine selo sindinalionepo."

Madamu anatembenuka pang'onopang'ono. "Ukutanthauza lero?"

"Chiyambire, Madamu."

"Nanga icho?" Analoza pakhoma.

"Ndi cha m'buku. Zonse zimene ndinakupatsani ndi za m'buku."

Madamu anapita pakhoma paja, namatula chithunzi chija mosamala kuti chisang'ambike. Anachipinda n'kumupatsa mwini wake m'manja.

"Wandipusitsa semesita yonse, ndipo zandipweteka, sindikubisira," anatero. "Malikisi onse a zithunzi zako ndafafaniza. Watsala ndi mayeso a masana okha. Ukapeza selo wadutsa, ukalephera wabwereza. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

"Koma poti waimirira wekha ine nditadutsa kale, ndikuphunzitsa. Khala pansi. Ndionetse mmene umachitira."

Kamvuluvulu anakhala pansi. Anatembenuzira pa kagalasi lenzi yaitali kuposa zonse, yokulitsa kwambiri ija, nagwira gudumu lalikulu n'kulizunguza kuti fwii.

"Mayo ine!" Madamu anagwira kumutu. "Ukupotokola ngati mpopi woti madzi anasiya! Ima kaye. Ukuona chiyani?"

"Chifunga, Madamu. Ndi timiyendo takuda ngati ta kangaude."

"Taphethira."

Anaphethira.

"Tagwedezeka timiyendoto?"

"Ee, tagwedezeka!"

"Ndi nsidze zako zimenezo, mwana iwe. Semesita yonse wakhala ukuonera nsidze zako."

Abale, kuseka kwake! Wina anagwa pampando. Wina anagona pa tebulo n'kumalimenya ndi chibakera. Kamvuluvulu anabisa nkhope m'manja, misozi ikutsika, koma mapewa ake akugwedezeka, poti nayenso anali akuseka. Nkhani yake inali yoseketsadi.

"Mukuseka eti?" anatero Madamu. "Ndiye kuti nonsenu mwapeza?"

"Ine langa ndapeza kalekale!" anatero Loya. "Bwerani muone, Madamu. Lonenepa bwino, lozungulira, m'mbali mwake mwakuda bii. Ndipo alipo ambiri, ndine munthu wa maselo athanzi ine."

Madamu anapita kukasuzumira. Anakhalitsa ataweramira pamenepo. Atadzuka anavula magalasi n'kumapukuta m'maso.

"Zimene wakhala ukujambula ndi zimenezi?"

"Zomwezo, Madamu."

"Awa ndi mathovu a mpweya. Umagwetsa kagalasi kovindikira mwaphuma, mpweya n'kutsekeredwa pansi pake. Loya, semesita yonse wakhala ukujambula mpweya."

Apa ndiye labu inagwedezeka. Mphunzitsi wa chipinda chinacho anachita kusuzumira pakhomo kuti aone ngati kwagwa ngozi. Kuseka kutachepa, dzanja lina linakwera pakona, mwamanyazi. Kenaka lina. Kenaka ena angapo. Ovutika analipo ambiri, kungoti aliyense ankayesa kuti ali yekha.

"Tsopano ndiye ndapeza kalasi," anatero Madamu, nkhope ili ngwee. "Sendererani kuno nonse. Kagalasi kovindikira musamakagwetse. Kaimikeni chopendekera, m'mbali imodzi ikhudze utoto, kenaka mukagoneke pang'onopang'ono kuti mpweya uthawe. Poyamba gwiritsani lenzi yaifupi. Yaitaliyo ndi yomalizira, munthu utapeza kale chimene ukufuna. Chepetsani kuwala, poti selo la m'tsaya ndi lopyapyala, kuwala kukachuluka limasowa. Diso musalikanikize pagalasi. Ndipo gudumu lalikululi muziligwira ngati mukutembenuza khanda lili m'tulo. Iwe Kamvuluvulu, selo lakhala lili pomwepo masiku onsewa. Limaonekera kanthawi kochepa, iwe n'kulidutsa uli pa liwiro."

Kamvuluvulu anakonza kagalasi kena. Anayesa kugwira gudumu mofatsa, koma dzanja lozolowera kuthamanga silimva tsiku limodzi. Kanthu kabuluu kanangoti phethi m'chifungamo n'kusowa. Anabwerera, kanangoti phethinso. Asanakagwire, Madamu anaomba m'manja kuti nthawi yatha, anthu akadye.

5. Womaliza kutuluka

Masana labu inali ina. Panalibe kuseka. Aliyense anakhala pa makina ake, ndipo Madamu ankayendayenda manja ali kumbuyo.

Asanayambe, Kamvuluvulu anakokera mpando wake kutali ndi wa Phee. "Manja ako akhale kwako," anamuuza. Phee anakweza chala chachikulu.

Woyamba kuitana Madamu anali Phee yemweyo. Anadutsa, natuluka. Ena anatsatira mmodzimmodzi. Loya ataitana, Madamu anasuzumira nati, "Leroli si mpweya." Loya anatuluka akuvina, gawuni ataikoleka paphewa.

Mipando inkangotsala yopanda anthu. Kamvuluvulu, munthu amene sanakhalepo wachiwiri kumaliza mayeso, anali adakali pomwepo. Kagalasi koyamba anakaswa ndi lenzi. Kachiwiri kanadzaza mathovu. Anzake amene anatuluka anaunjikana pawindo, mphuno zili pagalasi, osafuna kupita.

Anatenga kachitatu. Anapala m'tsaya, napaka, nadontheza utoto. Kovindikira kaja anakagoneka pang'onopang'ono mpaka anaiwala kupuma. Anaika lenzi yaifupi, nachepetsa kuwala. Kenaka anaika dzanja lamanzere pansi pa ntchafu, kulikhalira, kuti lisalowerere. Ndi zala ziwiri zokha za dzanja lamanja anayamba kusuntha gudumu, pang'ono, kuima, pang'ono, kuima.

Chifunga chinayamba kuyera. Munatulukira timadontho tabuluu. Sanathamange. Anasiya gudumu lalikulu n'kugwira laling'ono. Timadontho tija tinayamba kukhala ndi m'mbali. Anasankha kamodzi, nakaika pakati, natembenuza lenzi yokulirapo.

Linali pomwepo. Linali laphwatalala, labuluu wotuwa, lofanana ndi dzira lokazinga limene laphwanyikira mbali imodzi. Ngodya ina inali itapindika. Pakati pake panali kadontho kakuda, phata lija. Pambali pake panali ena awiri osanjikana. Kunena zoona silinali lokongola ngakhale pang'ono, koma Kamvuluvulu anali asanaonepo chinthu chomusangalatsa chotere.

"Madamu!" Mawu anatuluka mokuwa. "Madamu, bwerani msanga lingathawe!"

"Silithawa, lilibe miyendo," anatero Madamu akubwera mosafulumira.

Anawerama, nasuzumira. Anakhudza gudumu laling'ono pang'ono. Kamvuluvulu anali ataluma chala.

"Kasingano kali pa chiyani?"

"Pa phata, Madamu."

"Ngodya yakumanzereyo yatani?"

"Yapindika."

"M'buku ili yopindika?"

"Ayi, Madamu."

"Ndiye kuti waonadi." Madamu anaweramuka. "Ili ndi lako, lochokera m'kamwa mwako momwemo. Lijambule mmene lilili, ndi kupindika kwake komwe. Wadutsa. Tikaonana ku anatome."

Kamvuluvulu anatembenukira kuwindo n'kukweza manja onse awiri. Kunja kunabuka chiphokoso. Chithunzi chimene anajambula masana amenewo chinali chonyansa kuposa zonse zimene anajambulapo, chokhotakhota, chofufutidwa malo angapo. Madamu anachilandira, nachiika pamwamba pa zithunzi za anzake.

6. Foni ya kunyumba

Atangotuluka anzake anamuzinga. Loya ankalalikira kwa aliyense wodutsa kuti iye ndi Kamvuluvulu ndiwo anapulumutsa kalasi, wina ndi nsidze, wina ndi mpweya. Kamvuluvulu anazemba m'gulumo n'kukakhala pa masitepe a laibulale, Phee ali pambali pake. Anatulutsa foni n'kuimbira amayi ake.

"Amayi! Amayi, ndaona selo!"

"Wati chiyani? Kuno kuli phokoso."

"Selo, amayi! Lero lomwe lino!"

"Mayo mwana wanga! Uli m'selo? Wapalamula chiyani? Bambo ake, tabwerani, mwana ali kupolisi!"

"Ayi, amayi! Si selo ya apolisi!"

"Akumenya? Wadya? Ndinkanena ine kuti kuthamanga kwakoko kudzakufikitsa pena!"

Kamvuluvulu anaseka mpaka foni inatsala pang'ono kugwa. Phee naye, munthu wosaseka uja, anali atagwira nthiti. Zinatenga nthawi kuti amayi amvetse kuti selo limeneli ndi kanthu kakang'ono kamene kamapanga thupi la munthu, ndi kuti iwonso ali nawo ambirimbiri.

"Ine ndili ndi maselo?" anafunsa mokayika. "Chabwino, bola si a apolisi. Nawa bambo ako, akulanda foni."

Bambo ake anamvetsera nkhani yonse, ya chithunzi chomatulidwa ndi ya malikisi ofafanizidwa yomwe. Mwana wawo sanabise kanthu.

"Kunamako unalakwa," anatero. "Koma kuimirirako wachita zaumunthu. Ndakunyadira, mwana wanga. Ndiuza aliyense kuntchito mawa. Tsono semesita yamawa muphunzira chiyani?"

"Anatome, bambo. Mafupa, minofu, mitsempha, mtima, zonse."

"Eya, zimenezo ndiye za udokotala zenizeni! Ndiye mumaphunzirira pa zidole zija zapulasitiki?"

Kamvuluvulu anayang'ana Phee. Yankho losavuta linalipo, liwu limodzi lokha, ndipo bambo ake akanagona mokondwa. Koma iye anali atatopa nako kunena zinthu zimene sizili choncho.

"Zidole ziliko, bambo. Koma kwambiri timaphunzirira pa thupi lenileni."

"Thupi la ndani?"

"La anthu amene anamwalira. Timalitsegula ndi manja athu, kuti tione mmene mkatimo mulili."

Kamvuluvulu anayang'ana ngati foni yaduka, koma inali isanaduke. Chapatali ankamva amayi ake akufunsa kuti kwagwanji.

Bambo atayankhulanso, mawu awo anali otsika, ndipo kuseka konse kunali kutachokamo.

"Zimenezo sunandiuzepo. Ine ndinatumiza mwana kusukulu kuti akaphunzire kuchiza amoyo, osati kukacheka mitembo ya eni ake. Usapite kulikonse mawa. Ndikwera basi yoyamba. Ndikufuna ndionane nawo maso ndi maso Madamu akowo."

Foni inaduka. Kamvuluvulu anakhala akuiyang'ana, zala zake zidakali zabuluu ndi utoto.

"Bwanji?" anafunsa Phee.

"Bambo akubwera mawa."

"Kudzakuyamikira?"

"Kudzanditenga."